Gulu la anzathu a ma ARV: pa mankhwala amatha, pa kachasu akuperewera

Amene muli pa ma ARV koma mowa ukukukanikani kusiya, ndikuuzeniko za gulu lomwe limakumana Loweruka m'mawa kuseri kwa chipatala chaching'ono cha kwathu kuno. Salipiritsa. Oliyendetsa si anamwino, ndi anthu awiri amene nawonso ali pa mankhwala, aja amati ma expert client. Mmodzi ndi bambo wachikulire amene anayamba kumwa mankhwalawa boma litangoyamba kugawa ma ARV mwaulere mu 2004. Masiku amenewo bibida ankaipapira, ndiye ukamamunamiza amangokuyang'ana n'kuseka.

Ine ndinatumizidwako magazi atasonyeza kuti tizilombo tapitirira 1,000. Zikatero amakuika pa uphungu kwa miyezi itatu kenako n'kukuyezanso. Ndimayembekezera ulaliki. Madalawo anangondifunsa kuti, "Achimwene, mukakhala kuti mwalandira malipiro, m'bulu uja mumaumwa nthawi yanji?" Sindinkaumwa n'komwe. Ambirife tinamva kuti mankhwala ndi mowa zikakumana m'mimba zimasanduka poizoni, ndiye Lachisanu likafika botolo la mankhwala timalibisa mpaka Lolemba. Iwo anatsutsa poyera: mowa umawononga chiwindi, inde, koma kudumphitsa ndi kumene kumapatsa kachilombo mpata wochulukana ndi kuzolowera mankhwala. Waledzera usiku, m'mawa imwa mankhwala ndithu. Namwino amene ndinamufunsa pambuyo pake anavomereza zomwezo, kungoti iye sankadziwa kuti ndimamwa mowa, poti m'chipinda muja tonse timayankha kuti "ayi, ndinasiya kalekale."

Anandithandizanso kusintha nthawi. Ndinazolowera kumwa mankhwala usiku kuyambira nthawi ya m'bulu wakale wa 5A, uja ankachititsa chizungulire ndi maloto oipa. Koma m'bulu wa 13A umene tinayamba kulandira mu 2019 umatha kumwa m'mawa. Tsopano botolo limakhala pafupi ndi mswachi, ndimameza ndisanatuluke, shabini asanatsegule. Mnyamata wina wa kabaza, amene vuto lake ndi chamba, anamupezera mnzake woti azimuliza foni ikakwana 6 koloko. Ukapanda kubwera tsiku lotenga mankhwala amakulondola kunyumba, ndipo amabwera ngati mlendo wamba, osavala chilichonse cha kuchipatala. Chimenechi ndinachikonda kwambiri, chifukwa maneba athu sachedwa kuwerenga malaya a munthu.

Pofooka palipo. Malo okumanira ndi pansi pa mtengo, moyang'anana ndi njira ya amayi opita kusikelo, choncho amene sanaulule kwawo amafika kamodzi osabweranso. Amayi omwe amamwa mowa sayankhula pakati pa abambo, amangoti zonse zili bwino. Akanawapatsa tsiku lawolawo. Komanso kuchokera pamene thandizo la ku America linaimitsidwa kumayambiriro kwa 2025, maulendo a m'makomo aja anachepa, ndipo madalawo nthawi zina amayenda ndi ndalama ya m'thumba mwawo.

Chachikulu n'chakuti munthu amene kachasu wamulowa m'mafupa, uja amanjenjemera manja m'mawa mpaka atalawako, gululi silingamuthe. Iwonso amadziwa, ndipo amachenjeza kuti wotereyu asasiye mwadzidzidzi ali yekha kunyumba chifukwa akhoza kukomoka. Amamuuza za St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, kumene amathandiza ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Koma kwa ife a kummwera kuno, thiransipoti yokha ndi nkhani, ndipo ukatchula chipatala cha ku Zomba munthu amadzuka n'kumapita, ati mwamuyesa wamisala. Amangotsala ndi mapemphero ndi chilimbikitso cha anzake.

Atandiyezanso, tizilombo tinatsika mpaka osaoneka, ndipo ndinabwerera pa ndondomeko yotenga mankhwala a miyezi 6 nthawi imodzi. Mowa sindinasiyiretu, ndachepetsa, ndipo palibe amene wandithamangitsa pagulupo chifukwa cha zimenezo. Mukafuna kupita, funsani kuchipinda cholandirira ma ARV ngati pali gulu lotere, ndipo mutenge kabuku kanu ka kuchipatala, amayang'anamo tsiku lanu lobwera.