Ndemanga: chaka chimodzi ndi inki ya pigment pa boma la Dedza

Ndili ndi kasitolo kojambula ndi kusindikiza zithunzi pa boma la Dedza, ndipo kwa zaka zisanu ndakhala ndikudalira pirinta ya inki ya dye ya mitundu 6 pa zithunzi za maukwati, za zinkhoswe, za omaliza maphunziro ndi za pa ziphaso. Chaka chatha ndinagula pirinta yachiwiri, yogwirapo kale ntchito, yoyendera inki ya pigment ndipo yotulutsa pepala lalikulu la A3+. Ndinaigula kwa wamalonda wina wa ku Lilongwe amene amaoda katundu ku South Africa, ndipo popeza miyezi 12 yakwana, ndaona kuti ndi bwino ndilembe zimene ndaona kuti anzanga a ntchito imeneyi asamagule mongomvera wogulitsa.

Chimene chinandikankhira ku pigment ndi manyazi amene ndinawaona pamaso pa kasitomala. Pali bambo ena ojambula ndi utoto, amene amajambula gule wamkulu, phiri la Dedza ndi amayi a pa msika wa mbatata ya kachewere, nagulitsa ntchito zawo kwa alendo odutsa pa msewu wa M1, ena opita ku Chongoni, ena otsikira ku Mua. Iwo ankafuna makope a zojambula zawo kuti azigulitsa pa mtengo wotsikirapo, ndipo ndinawasindikizira ndi dye pa pepala lowala. Makopewo anakongola kwambiri tsiku loyamba. Koma limodzi linapachikidwa pa khonde la malo ena ogona alendo, popanda galasi, ndipo patatha miyezi ingapo bambowo anandibweretsera atalikulunga m'nyuzipepala. Thambo linali litafwifwa, nsalu yofiira ya gule inali itasuluka, ndipo iwo anangoti, "Achimwene, dzina limene lili pansipa ndi langa, si lanu." Mawuwo anali oona, ndipo ndinawabwezera ndalama zawo.

Kusiyana kwa inki ziwirizi ndi kosavuta kukumvetsa kwa munthu amene anamwapo tiyi ndi thobwa. Mu dye, mtundu umasungunuka m'madzi monga mmene shuga amasungunukira mu tiyi, ndipo inkiyo ikagwera pa pepala imalowa m'kati mwa chokutira chake, n'chifukwa chake chithunzi chimatuluka chosalala ndi chonyezimira. Mu pigment, mtundu ndi tizidutswa tolimba tosaoneka ndi maso, timene timangoyandama m'madzi osasungunuka, monga masese m'thobwa, ndipo madziwo akauma tizidutswato timatsala titamatirira pamwamba pa pepala. Kuwala kwa dzuwa ndi mpweya zimaphwanya mtundu wosungunuka mofulumira kuposa tizidutswa tolimba. Ife a ku Dedza tili ndi umboni wa zimenezi pafupi pomwe, chifukwa zojambula zofiira za Akafula za m'mapanga a Chongoni, malo amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006 ndipo ali ndi malo ojambulidwa 127, zinapakidwa ndi utoto wochokera ku dothi ndi miyala, ndipo zikuonekabe mibadwo yambirimbiri itadutsa. Sindikunena kuti inki ya m'botolo ingafanane ndi thanthwe, koma maziko ake ndi amodzi.

Sindinafune kukhulupirira zolemba pa katoni, choncho ndinayesa ndekha. Ndinasindikiza chithunzi chimodzi cha mkwati pa mapirinta onse awiri, ndinaphimba theka la chilichonse ndi katoni, n'kuzimata pa zenera loyang'ana kumadzulo kuyambira mu August mpaka mu December, nthawi imene dzuwa limaswa mtengo. Nditachotsa katoni, chithunzi cha dye chinali ndi mzere woonekeratu pakati, mbali ya dzuwa itayererapo ndipo nkhope ya mkwati itasintha mtundu, pamene pa cha pigment ndinachita kuyang'anitsitsa osapeza malire. Ndinadontheza madzi pa pepala losawala la mitundu yonse iwiri, ndipo dye inayenderera pamene pigment inakhala chikhalire. Kuno kwathu zimenezi si zazing'ono, chifukwa nkhungu ya mu June ndi July komanso chinyezi cha nthawi ya dzinja zimalowa m'nyumba zambiri, ndipo zithunzi zochuluka zimapachikidwa pa khoma popanda felemu.

Pa pepala losawala, makamaka lochindikala lopangidwa ndi thonje, pigment yandisangalatsa koposa mmene ndinkayembekezera. Chakuda chake ndi chozama, mizere ya pensulo imaoneka bwinobwino, ndipo kope la chojambula cha utoto wa madzi limafanana ndi chenicheni mpaka munthu amafuna kuligwira kuti atsimikize. Pirinta yangayo ili ndi inki zakuda ziwiri, ina ya pepala lowala ina ya losawala, ndiponso yotuwa, imene imathandiza kuti zithunzi zopanda mitundu zisamatuluke zobiriwira kapena zofiirira. Chithunzi chakale cha agogo a kasitomala wina, chimene ndinachikonza pa kompyuta chitadyeka ndi chiswe m'mbali, chinatuluka chaulemu wake, ndipo ndinachipereka ndi mtima wodekha podziwa kuti zidzukulu zidzachipeza.

Koma pa pepala lowala nkhani inatembenuka, ndipo apa ndi pamene ndikufuna anzanga amvetsetse. Popeza pigment imakhala pamwamba, malo amene inki yachuluka amanyezimira mosiyana ndi malo oyera, ndipo ukapendeketsa chithunzi pa kuwala, suti yakuda ya mkwati imaoneka ngati yapakidwa mkuwa. Chinandivuta kwambiri ndi khungu. Makasitomala athu ambiri ndi akhungu lakuda, ndipo dye imalitulutsa lowala, lamoyo, monga la munthu wodzola mafuta, pamene pigment poyamba inkalitulutsa lotuwa ngati la munthu wotuluka m'chigayo. Zinasintha nditapeza ICC profile (fayilo ya pa kompyuta yothandiza pirinta kutulutsa mitundu molondola) yoyenera pepala limene ndimagwiritsa ntchito, komabe ngakhale lero mayi wobwera kudzatenga zithunzi za chinkhoswe ndikamuonetsa ziwirizi, dzanja lake limapita pa cha dye. Opanga mapirinta amalidziwa vutoli. Canon, mwachitsanzo, inatulutsa mu 2020 makina awiri a A3+, PIXMA PRO-200 ya mitundu 8 ya dye ndi imagePROGRAF PRO-300 ya makatiriji (timabokosi ta inki) 10 a pigment, ndipo imodzi mwa makatiriji amenewo ndi Chroma Optimizer, madzi opanda mtundu amene ntchito yake ndi kusalaza kunyezimira pa pepala lowala. Ngati kampani imodzi ikupangabe mitundu yonse iwiri, ndiye kuti palibe inki imene yagonjetsa inzake pa ntchito zonse.

Kusamalira makinawa kumafuna mwambo. Tizidutswa ta pigment timakhazikika pansi inki ikakhalitsa, choncho katiriji yatsopano ndimayamba ndaigwedeza ndisanaiike. Mu January ndinatseka sitolo milungu itatu chifukwa cha maliro kumudzi, ndipo nditabwerako timabowo ta mutu wa pirinta, mmene inki imatulukira, tinali titatsekeka, zithunzi zikutuluka ndi mizere yoyera. Ndinatsuka mutuwo kanayi, ndipo inki imene inathera pa kutsukako inandipweteka mtima kuposa mizereyo. Kuyambira pamenepo ndimasindikiza kachithunzi kamodzi masiku atatu kapena anayi alionse ngakhale palibe kasitomala, ndimaphimba makinawo ndi nsalu chifukwa cha fumbi, ndipo ndinagula UPS, bokosi la batire losunga magetsi, kuti magetsi akathima mutu uzitha kubwerera pa malo pake m'malo mouma uli pakati pa njira.

Za mtengo ndinena mwachidule. Inki ya pigment ndi pepala lake zimadula kwambiri kuposa mabotolo a dye, sizipezeka pa Dedza, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chochokera kunja chimafuna kuwerengera bwino musanaitanitse. Wogulitsa wangayo amachedwa nthawi zina, koma sanandipatsepo inki yachinyengo kapena yopitirira masiku, ndipo pa ichi ndimamuyamikira.

Mnzanga wina wa ku Ntcheu anandifunsa ngati angathire pigment m'matanki a pirinta yake ya dye kuti asagule makina ena, ndipo ndinamuletsa. Inki ziwirizi zikakumana m'mapaipi zimatha kugwirana n'kutseka mutu, ndipo ngakhale mutatsuka bwino, makinawo anakonzedwa kuti aziyeza mitundu ya dye, kotero zotuluka sizikhala zolondola. Ndinamukumbutsanso kuti inki ya sublimation, yosindikizira makapu ndi malaya, ndi chinthu china chosiyana ndi ziwirizi, ngakhale ogulitsa ena amaika mabotolo onse pa shelefu imodzi.

Pirinta ya pigment ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu, ndipo imodzi ndaichotsa chifukwa cha mtengo wa inki ndi kutsekeka kwa mutu. Zithunzi za m'chimbale ndi za pa ziphaso ndimasindikizabe ndi dye, popeza chimbale chotseka sichiona dzuwa, koma chilichonse chopita pa khoma kapena chokhala ndi dzina la wojambula chimadutsa pa pigment, ndipo kasitomala aliyense ndimayamba ndamufunsa kumene chithunzicho chikakhale. Bambo ojambula aja anabweranso mwezi watha ndi zojambula zisanu zatsopano, ndipo anaitanitsa makope 20 pa pepala la thonje.