Ndemanga yanga pa Honours ya masamu a zachuma kuno ku Johannesburg

Nyenyezi 4 mwa 5.

Ndamaliza kumene Honours (chaka chowonjezera pambuyo pa digiri yoyamba) ya masamu a zachuma pa yunivesite ina kuno ku Johannesburg. Achimwene ndi achemwali akumudzi akhala akundifunsa pa WhatsApp ngati maphunzirowa ndi oyeneradi ndalama zake. Yankho langa ndi lakuti inde, bola mubwere mukudziwa chomwe mukudzakumana nacho.

Awa si maphunziro a bizinesi kapena a akawunti. Ndi masamu okhaokha, olimba. Masabata oyambirira tinali pa probability yozama, kenako tinalowa mu stochastic calculus, masamu ofotokoza zinthu zoyenda mwachisawawa monga mtengo wa masheya. Apa mpamene mumakumana ndi lamulo la Kiyosi Itô wa ku Japan, ndipo mukapanda kuligwira bwino, zonse zotsatira zimakudutsani. Pambuyo pake timafika pa njira ya Fischer Black ndi Myron Scholes ya mu 1973 yowerengera mtengo wa option, ufulu wodzagula kapena kudzagulitsa chinthu mtsogolo pamtengo wogwirizana. Scholes ndi Robert Merton analandira mphoto ya Nobel mu 1997 chifukwa cha ntchito imeneyi, Black atamwalira kale mu 1995. Ndinakondwera kuti aphunzitsi athu sanangotipatsa fomula kuti tiloweze. Anaitulutsa pabolodi mzere ndi mzere, n'kutionetsanso pamene imaphonya, chifukwa imaganiza kuti kagwedezekedwe ka mitengo sikasintha, pamene msika weniweni sutero.

Chomwe chinandigwira mtima kwambiri ndi phunziro la chimanga. Pa msika wa masheya wa JSE (Johannesburg Stock Exchange), umene unayamba mu 1887 ndipo lero uli ku Sandton, dera la mu Johannesburg momwemuno, anthu amagulitsana mapangano a chimanga choyera cha mtsogolo. Pangano limodzi ndi matani 100, ndipo mtengo wake amauyezera pa chimanga chofikitsidwa ku tauni ya Randfontein. Msika wa mapanganowu unali wa SAFEX (South African Futures Exchange) mpaka pamene JSE inaugula mu 2001. Tanthauzo lake n'lakuti mlimi wa m'chigawo cha Free State angathe kutsekera mtengo wa chimanga chake chikadali m'munda, kapena kugula put option, womwe ndi ufulu wodzagulitsa pamtengo wogwirizana ngakhale msika utagwa. Anatipatsa ntchito yolemba pulogalamu ya kompyuta m'chinenero cha Python yoyerekeza njira zikwizikwi zomwe mtengo ungadutse kufikira nthawi yokolola, zomwe amazitcha Monte Carlo, ndi kupezamo mtengo woyenera wa ufulu umenewo. Ndikuyang'ana mizere ija ikumwazikana pa kompyuta, ndinkaganiza za amayi kumudzi. Iwo amagulitsa chimanga kwa mavenda motchipa mu Meyi chifukwa cha fizi ndi ngongole ya feteleza, n'kudzachigulanso modula mu Januwale nkhokwe itauma. Masamu otetezera mlimi ku vuto limeneli alipo, ndipo akugwira ntchito kuno ku South Africa. Zimandipweteka kuti mlimi wathu alibe chitetezo chotere, ndipo phunziro limeneli lokha linandikwanira kunena kuti sindinataye chaka.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zifukwa zomveka. Sukuluyi imangoganiza kuti aliyense akubwera akudziwa kulemba mapulogalamu a kompyuta. Palibe amene anatiuza zimenezi polembetsa, ndipo ntchito yoyamba ya Python inabwera ena tisanazolowere n'komwe. Othandiza aphunzitsi anali ochepa, moti kuti upeze wokufotokozera pamene wasochera umayenera kudikira pamzere. Zotsatira za mayeso ena zinkachedwa, tikumalemba otsatira tisanadziwe pomwe tinalakwitsa pa oyamba. Komanso nkhani ya chiwongoladzanja cha kuno anaithamangira. South African Reserve Bank, banki yaikulu ya dziko lino, inalengeza zochotsa JIBAR, muyezo wa chiwongoladzanja umene mabanki amatsatira, kuti m'malo mwake mulowe muyezo watsopano wa ZARONIA, ndipo wofuna ntchito kubanki ayenera kuimvetsa bwino nkhaniyi, koma ife tinangoigunda pamwamba.

Za mapepala ziyambeni msanga. Digiri ya ku UNIMA kapena ku MUBAS iyenera kaye kuunikidwa ndi SAQA, bungwe la kuno loona za masatifiketi a maphunziro, ndipo visa ya ophunzira imafuna kuti mukhale ndi medical aid ya kuno. Wophunzira wakunja amalipiranso ndalama zowonjezera pamwamba pa fizi. Zonsezi ndi za ma rand. Amene akudalira thandizo lakumudzi akumbukire zomwe zinachitika mu Novembala 2023, kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Ndalama yomwe abale asonkha ikhoza kuchepa usiku umodzi, choncho mukaipeza isintheni n'kulipiriratu.

Pa nkhani ya ntchito, anthu a mabanki a ku Sandton ankabwera kudzalankhula nafe, ndipo zinkaoneka kuti omaliza maphunzirowa amafunidwa. Komabe kwa ife akunja chilolezo chogwirira ntchito ndi nkhani ina payokha, ndipo satifiketi siyibwera nacho.

Ngati munachita masamu, statistics, physics kapena actuarial ndipo calculus simuiopa, bwerani. Miyezi yomwe mukudikira visa muigwiritse ntchito pobwereza probability ndi linear algebra, ndiponso muyambe Python pa laputopu yanu, ngakhale ola limodzi madzulo alionse. Ngati cholinga chanu ndi kuyendetsa kampani kapena kusunga mabuku a ndalama, awa si anu, funani MBA kapena akawunti. Mukafika, pezani anzanu awiri kapena atatu owerenga nawo sabata yoyamba yomweyo, popeza mafunso a homuweki ndi aatali ndipo wekha umatha usiku wonse pa funso limodzi. Ineyo ndafunsira kale malo a Masters pasukulu yomweyo, ndipo kafukufuku wanga ndikufuna adzakhale pa mitengo ya chimanga.