KiCad pa benchi ya mmisiri wa zamagetsi ku Salima

Amisiri anzanga okonza mawailesi, mainiveta ndi zipangizo za sola, pulogalamu ya KiCad ndi yoyenera kukhala mu laputopu yanu. Ndi yojambulira seketi ndi kukonzera bolodi lake, lija timati PCB. Ine ndimaigwiritsa ntchito pa shopu yanga pa Kamuzu Road pano pa Salima, ndipo posachedwapa ndayambanso kuthandiza nawo anthu amene amaipanga.

Anandifikitsa ku KiCad ndi asodzi a usipa a ku Senga Bay. Ambiri masiku ano anasiya nyali za parafini, amawalitsa mababu a LED ndi batire ya 12V. Batire ya asidi ikamakamidwa mpaka kutheratu usiku uliwonse siichedwa kufa, ndipo mtengo wake mukuudziwa. Ndiye ndimawapangira kabolodi kodula magetsi batire ikatsika kufika cha pa 11.5V. Muli TL431, maresistor angapo ndi MOSFET ya IRF3205. Ndinaikamonso kababu kofiira koyamba kuyaka magetsi asanaduke, chifukwa mdima wadzidzidzi pakati pa nyanja chilimira chili m'madzi si zinthu zocheza. Kale ndinkalumikiza zonsezi pa veroboard ndi timawaya, koma chinyezi cha kunyanja chimadya timawaya timeneti msanga.

Mu KiCad mumayamba ndi kujambula seketi. Mukadina ERC, pulogalamu imakuuzani mwendo wa chipangizo umene mwausiya osalumikiza. Kenako chipangizo chilichonse mumachisankhira footprint, kutanthauza malo ndi mabowo amene chidzakhalepo pa bolodi. Mukalowa mbali yojambulira bolodi mumapeza timizere topyapyala tosonyeza mwendo uti upite kuti, inu n'kumayala njira za kopa. Apa ndi pamene ndimaikondera kwambiri. Mukamakoka njira yatsopano pamalo opanikizana, zinzake zimasuntha zokha kuipatsa mpata, osaphwanya mtunda umene munalamula. Ine ndimalamula njira za milimita imodzi kapena kuposa, ndipo kumene kumadutsa mphamvu ya mababu ndimathira kopa wotambalala ngati chala. DRC, batani lounika bolodi, ikanena kuti palibe zogundana, ndimapulinta pa pepala losalala ndi pulinta ya laser, kusita pa bolodi ndi simbi, n'kuviika mu ferric chloride, mankhwala odya kopa wosafunika. Amene ali ndi ndalama atha kutulutsa mafayilo a Gerber n'kutumiza ku fakitale, bolodi n'kubwera lobiriwira, loboolaboola kale.

Kukoka njira kwanzeru kumeneku kunabwera ndi akatswiri a ku CERN, malo a kafukufuku wa sayansi pafupi ndi Geneva, amene anayamba kuthandiza KiCad mu 2013. Pulogalamuyi anaiyambitsa ndi Jean-Pierre Charras ku France mu 1992, ndipo mu 2019 inalowa pansi pa Linux Foundation. Chilolezo chake ndi GPL. Simulipira kalikonse, palibe malire a kukula kwa bolodi, ndipo palibe amene angakuletseni kugulitsa zimene mwapanga. Kwa ife amene tinazolowera mapulogalamu okuba odzaza ndi mavairasi, zimenezi n'zazikulu. Mukangoiika, siifunanso intaneti.

Zolemetsa zilipo. Kuichita dawunilodi kumadya kupitirira gigabyte imodzi, ndiye bandulo ya tsiku limodzi singakwane. Chichewa mulibe, mawu ake ndi Chingerezi cha zamagetsi. Pa laputopu yakale, chithunzi cha 3D chimayenda mokoka miyendo, ngakhale kujambula kwenikweni kumayenda bwino. Ndipo popeza mtundu watsopano umatuluka chaka ndi chaka, 7 mu 2023, 8 mu 2024, 9 mu 2025, dziwani kuti fayilo yosungidwa mu mtundu watsopano siitseguka mu wakale. Ngati mumagawana ntchito ndi mnzanu, gwirizanani mtundu umodzi.

Tsopano za kuthandiza nawo, zimene ndikufuna anyamata ndi atsikana ophunzira zamagetsi ku Salima Technical College amve bwino. Ambiri amaganiza kuti kuthandiza pulogalamu yotere n'kwa odziwa kulemba C++ okha. Pulogalamuyo inalembedwadi mu C++, ndipo kuimanga kuchokera ku code yake kumafuna kompyuta yamphamvu ndi magetsi osathimathima. Koma khomo la mmisiri lili kwina. Zambiri zimachitikira pa GitLab, tsamba la pa intaneti pamene amasungapo code ya KiCad, ndipo kumeneko kuli nkhokwe za masymbol, zizindikiro za zipangizo pa seketi, ndi mafootprint zimene aliyense angathe kuwonjezerako. Ine ndinayambira pa footprint ya relay imene ndimagwiritsa ntchito koma munalibe.

Musanajambule kanthu, werengani malamulo a nkhokwezi otchedwa KLC. Ndi okhwima, ndipo ine ndimaona kuti ayenera kutero. Mzere wa silkscreen, zolembedwa pamwamba pa bolodi, ukhale 0.12 mm, mpanda wozungulira chipangizo, wotchedwa courtyard, nthawi zambiri utalikire 0.25 mm, mwendo woyamba uzioneka bwino, dzina lilembedwe m'njira yawo. Mukatumiza merge request, pempho loti ntchito yanu ilowe m'nkhokwe, makina amayamba ndiwo kuunika, kenako munthu amatsegula datasheet, chikalata cha kampani chofotokoza chipangizocho, n'kufananiza nambala iliyonse ndi zimene mwajambula. Anthu ounikawa ndi ongodzipereka, ali ndi ntchito zawo, choncho yankho limatha kutenga masabata kapena miyezi. Musakwiye nazo. Bowo limodzi likasempha ndi theka la milimita, munthu amene simudzamuona ku Brazil kapena ku Kenya adzataya ndalama ya mabolodi ake onse. Ine chiyambireni kutsata KLC, ngakhale mabolodi anga a pa shopu zipangizo zikumalowa osakakamiza miyendo.

Pali chinthu china chimene ife a kuno chimatikhudza mwapadera. Zipangizo zambiri zimene timagula m'mashopu a ku Lilongwe kapena kuzula m'mawailesi akufa zilibe dzina la kampani, zilibenso datasheet. Zoterezi sizingalowe m'nkhokwe yaikulu, chifukwa wounika alibe pofananizira. Sindikuwadandaula, koma zikutanthauza kuti mmisiri wa kuno afunika choyezera cha vernier ndi nkhokwe yakeyake. Ndimayeza mtunda wa miyendo, kaya ndi 2.54 mm kaya 5.08 mm, ndimajambula, kupulinta pa pepala wamba, n'kubaya chipangizocho papepalapo kuti ndione ngati chikukhala. KiCad imalola nkhokwe zoterezi mosavuta, ndipo ndikulakalaka amisiri a ku Malawi tikanakhala ndi imodzi yogawana.

Njira ina yosadya bandulo ndi kunena zovuta. Pulogalamu ikachita zachilendo, pitani pa Help, mutenge zonse zofotokoza mtundu umene muli nawo, muyambe mwafufuza ngati wina sananene kale, kenako mulembe ndondomeko yoti wina atsate mpaka aone vutolo ndi maso ake. Chingerezi chothyokathyoka si vuto, bola ndondomekoyo imveke ndipo pakhale chithunzi. Ngakhale kungotsimikiza kuti vuto limene wina wanena likuchitikanso pa laputopu yanu ya RAM ya 4GB yokha ndi thandizo, pakuti opanga ambiri ali ndi makina amphamvu. Odziwa zilankhulo angathandizenso kumasulira kudzera pa Weblate, tsamba la pa intaneti lomasulirapo mapulogalamu.

Amene ali pafupi ndi Salima ndipo bandulo yavuta, asadandaule za dawunilodi. Chilolezo chimalola kukoperana, ndiye pezani mnzanu amene ali nayo, mupite ndi fulashi ya 4GB yopanda kanthu. Yambani ndi seketi ya LED imodzi ndi resistor, muifikitse mpaka pa bolodi lenileni, kenako mutsegule akaunti ya GitLab.