Digiri ya anthropology patatha miyezi 18: zomwe zandithandiza ndi zofunika kukonza

Nditangomaliza semesita yoyamba ndinalemba kuti maphunziro a anthropology, ofufuza za anthu ndi chikhalidwe chawo, anditsegula maso, ndipo ndinalimbikitsa aliyense wokonda za chikhalidwe cha anthu kuti awasankhe. Tsopano papita miyezi 18. Mawu aja sindikuwabweza, koma pali zina zomwe nthawi imeneyo ndinali ndisanazione.

Chomwe chakhazikika mwa ine ndi luso lofunsa ndi kumvetsera. Pa holide ya Disembala ndinakhala pakhonde ndi agogo aakazi kwathu ku Dedza, ndikujambula mtundu wathu kuseri kwa kalendala yakale: kamakona atatu kuimira mwamuna, kozungulira kuimira mkazi, monga tinaphunzirira. Agogo anasuzumira pepalalo n'kuloza pomwe ndinalemba ana a amayi aang'ono. "Amenewo si asuweni ako, iwe. Ndi abale ako, bere ndi limodzi. Asuweni ndi ana a malume ako ndi a azakhali ako." Kuchoka pamenepo anayamba kundifotokozera za mwinimbumba, za ankhoswe, za yemwe amatenga munda mayi akamwalira, komanso chifukwa chomwe agogo aamuna anakhalira zaka zonse zija pachikamwini. Dzuwa lisanalowe ndinali nditamvetsa zomwe zinandizunguza mutu masabata atatu m'kalasi.

Dandaulo langa lalikulu lagona pomwepa. Chaka choyamba chinathera pa katswiri wa anthropology Malinowski ndi anthu a ku zilumba za Trobriand ku Papua New Guinea, komwe anachita kafukufuku pakati pa 1915 ndi 1918, komanso pa katswiri wina, Evans-Pritchard, ndi ufiti wa Azande, mtundu wa anthu a m'chigawo chapakati cha Africa. Sindikunena kuti awachotse, ayi. Koma anthu a ku Trobriand amatsata mtundu wa kuchikazi ngati ife, ndipo palibe anatiuza kuti tiyerekeze ndi kwathu, chonsecho ambiri m'kalasimo tinakulira m'mabanja otere. Omwe anafufuza kuno tinawawerenga mochedwa, mothamanga: Clyde Mitchell pakati pa Ayao, Jaap van Velsen pakati pa Atonga a ku Nkhata Bay, Matthew Schoffeleers pa za Mbona ku Nsanje. Max Marwick, yemwe anakhala ndi Achewa a kum'mawa kwa Zambia, anaonetsa kuti kulozana ufiti kumachuluka pakati pa abale a mbumba imodzi, pa nkhani ngati za chuma chamasiye ndi udindo. Yemwe anakhalapo pamaliro a kumudzi akhoza kuvomereza kapena kutsutsa zimenezi ndi zomwe anaona ndi maso. Bwanji osayambira pamenepo, kenaka n'kupita kutali?

China ndi kutuluka panja. Phunziro lalikulu la Malinowski n'lakuti ukakhale ndi anthuwo ndi kuyankhula chiyankhulo chawo, koma ife timaliphunzira titakhala pampando. Kafukufuku weniweni akudikira chaka chomaliza. Ulendo wokhawo tinapita ku Kungoni ku Mua, malo a zachikhalidwe ndi zaluso omwe anayambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976. Tinaona zigoba za Gule Wamkulu zambirimbiri, tinajambula zithunzi, madzulo tili m'basi. Ine ndikanakonda masabata awiri chaka chilichonse, ophunzira awiriawiri pamudzi umodzi, atadzera kaye kwa amfumu. Pamafunikanso phunziro la momwe tingasamalire zinsinsi. UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inazindikira Gule Wamkulu ngati chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse mu 2005, koma zimenezo sizinatsegule dambwe kwa aliyense, ndipo wophunzira wolowa ndi wosalowa onse amafuna wowaunikira kuti cholembedwa n'chiti, chosiyidwa n'chiti.

Za chiyankhulo zimandiwawa kwambiri. Timafunsa anthu m'Chichewa, n'kulemba m'Chingerezi, ndipo mawu ngati mbumba kapena mdulo amafika papepala atafota. Atilole kusunga mawu a anthuwo momwe anawanenera, atiphunzitsenso Chitumbuka kapena Chiyao ngakhale semesita imodzi.

Mabuku ndi ochepa, ena timangotumizirana pa WhatsApp. Zimenezo tazolowera.

Kodi ndingasankhenso digiriyi? Inde, mosakayika, ndipo aphunzitsi athu ambiri ndi odzipereka. Madandaulowa tawalemba ndi anzanga anayi ndipo tikawapereka kwa mkulu wa dipatimenti semesita isanathe. Kalendala ija ndinaisunga. Agogo anati holide ikubwerayi akanditengera kwa alongo awo, eni mbumba, kuti tikamalize mayina a makolo omwe iwo anaiwala.