Zipatso za Cotán ndi Mandimu a Kalf

Juan Sánchez Cotán wa ku Toledo ku Spain ndi Willem Kalf wa ku Amsterdam ku Netherlands onse ankajambula zipatso ndi utoto wamafuta, koma chuma chimene chikuonekera m'ntchito zawo n'chosiyana kwambiri.

Chojambula cha Cotán cha m'ma 1602, chimene tsopano chili ku San Diego Museum of Art, nyumba yoonetserako zaluso ku America, chili ndi zinthu zinayi zokha: chipatso cha quince (chachikasu, chofanana ndi apulo) ndi kabichi zolendewera pa zingwe, vwende lodula ndi nkhaka zili pa mwala, kumbuyo kuli bii. Zingwezo sizokongoletsa ayi, ndi mmene ankasungira zakudya kuti zisavunde. Mu 1603 Cotán anasiya zonse n'kukalowa gulu la amonke achikatolika a Carthusian.

Kalf, amene anakhazikika ku Amsterdam mu 1653, ankajambulira amalonda olemera, poti matchalitchi a Chikalvini sankaitanitsa zithunzi. Ndimu lake amalisenda theka, khungu n'kumapotana mpaka kulendewera m'mphepete mwa tebulo, pafupi ndi mbale ya ku China ndi kapeti ya Kum'mawa. Mbale zoterezi zinkabwera ndi zombo za VOC, kampani ya ku Netherlands yochita malonda ku Asia yomwe inayamba mu 1602, ndipo mandimu ankachokera kumaiko ofunda a kummwera.

Kwa wophunzira, njira ya Cotán ndiyo yabwino kuyambira, chifukwa palibe chobisa cholakwa. Ya Kalf imafuna kupaka utoto wopyapyala kangapo, uliwonse uume masiku angapo, ndiye chipatso chimafota ntchito isanathe. Utoto wachikasu wochokera ku zomera umasulukanso ndi kuwala, n'chifukwa chake masamba m'zojambula zina za ku Netherlands, amene ankawabiriwitsa pophatikiza utoto wachikasuwu ndi wabuluu, lero amaoneka abuluu.