Katundu akwere galimoto kapena akwere njinga?

Anzanga apanjinga, tikamakambirana zokapalasa m'mapiri kwa masiku angapo n'kumagona m'matenti, nkhani imathamangira pa mtundu wa njinga ndi kukula kwa matayala. Koma chimene chimasintha ulendo wonse ndi ichi: tenti, madzi ndi chakudya anyamula ndani? Ena amalipira kampani kuti iwanyamulire zonse pa galimoto, iwo ntchito n'kupalasa basi. Ena amasonkhana paubwenzi, kupeza galimoto yawoyawo n'kumasinthana chiwongolero. Ndiye pali aja omangirira chilichonse pa njinga n'kulowa m'tchire popanda wowatsata m'mbuyo.

Nthawi zambiri wogamula mlanduwu ndi madzi. Lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi, ndipo palibe sitolo yogulitsa madzi opepuka. Tengani msewu wa White Rim, ku Canyonlands National Park m'chigawo cha Utah ku America, umene ndi wotchuka pa maulendo a mtunduwu. Ndi wa makilomita pafupifupi 160, unalambulidwa m'zaka za m'ma 1950 anthu akusaka miyala ya uranium, ndipo apanjinga ambiri amauzungulira masiku 3 kapena 4. Mpope kulibe, chitsime kulibe. Mtsinje wa Colorado mumauonera pansi patali, kuseri kwa maphompho. Mtsinje wina, Green River, ndiye umafikirika mbali imodzi ya ulendo, koma madzi ake ndi amatope oti sefa imatsekeka msanga. Oyang'anira pakiyo amalangiza malita 4 pa munthu tsiku lililonse. Werengani nokha: masiku 4 ndi makilogalamu 16, musanaikepo tenti, poto kapena chovala. Pamalo otere galimoto si manyado.

Phindu lachiwiri la galimoto limamveka m'manja ndi m'miyendo. Njinga ya m'mapiri anaipanga kuti izidumpha mwala, izikhota msanga, wokwera azitha kusendeza thupi kumbuyo pamtsetse. Mukaipachika zikwama imasanduka ina. Chikwama cha pansi pa chishalo chimagwedera uku ndi uku mukaimirira pa mapedulo, ndipo shoko ya kumbuyo ikafinyika pa bampu chimakhula tayala. Phokoso lokhalo limakuuzani kuti nsalu ikutha. Amene ali ndi chishalo chotsitsa ndi batani amapeza kuti sichifikanso pansi. Chikwama cha kutsogolo chimapanikiza mapaipi a mabuleki n'kuphimba tayala, moti mwala mumauona mutaugunda kale. Pa zitunda ngati Murphy Hogback ndi Hardscrabble, pa White Rim pomwepo, wopepuka amalimbana nazo ali pa chishalo. Wolemedwa amatsika, kukankha masitepe awiri, kufinya mabuleki kuti njinga isabwerere, kupuma, kukankhanso.

Tsono galimoto ili ndi mtengo wina umene salemba pa risiti: wotchi si yanunso. M'mawa pamakhala ola loti zikwama zonse zikhale zitakwezedwa, ndiye tenti mumaipinda ikadali yonyowa ndi mame, n'kukaiyanika madzulo ngati mwafika dzuwa lilipo. Malo ogona anasankhidwa miyezi yapitayo. Kaya miyendo ikufunabe kupalasa, kaya inakana kale masana, mugona pomwepo. Palinso kankhanza kena kamene gulu lililonse limachita mosadziwa. Othamanga amafika pamphambano, kumwa madzi, kujambula zithunzi, mpaka kuyamba kumva kuzizira. Wotsalira akangotulukira ali wefuwefu, phazi lisanaponde n'komwe pansi, wina amati, "Takwana, tiyeni!" Motero amene akufunika kupuma kwambiri ndi amene sapuma tsiku lonse. Mtsogoleri wodziwa ntchito amayamba kuwerenga mphindi zopuma womaliza atafika, ndipo kumbuyo kwenikweni amaikako munthu wamphamvu wonyamula zida, osati wofooka amene wangotsala yekha. Usiku nawo uli ndi zake: mkonono wa m'tenti yoyandikana, zipi kulira mbandakucha, mzere wa kuchimbudzi. Walira mvula walira matope.

Muchenjerenso akamakuuzani kuti pali galimoto yothandiza, chifukwa thandizolo limasiyana malinga ndi njira. Pa White Rim galimoto imadutsa msewu womwewo, choncho wotopa akhoza kukweza njinga n'kukhala pampando. Pa tinjira topapatiza todutsa njinga imodzi, galimoto imazungulira kutali n'kukadikira kumsasa kapena pamene kanjirako kadutsa msewu. Pakatipo mulibe kusiyana ndi woyenda yekha, ndipo pampu, chubu, zigamba, cholumikizira tcheni ndi jekete ya mvula ziyenera kukhala pamsana panu, osati m'chikwama chimene chili makilomita 30 kutsogolo. Musanalipire funsani mafunso awiri: galimoto tikumana nayo kangati pa tsiku, ndipo munthu akavulala pakati amutulutsa bwanji? Wokonza ulendo amene akuyankha mozungulira pa funso lachiwirili, ine ndalama zanga sindimupatsa.

Nanga pakati pa kampani ndi galimoto ya anzanu? Ya anzanu ndi yotsika mtengo, ndipo anthu ogona nawo mumasankha nokha. Vuto ndi loti galimoto siyenda yokha. Wina ayenera kusiya njinga n'kugwira chiwongolero, ndipo pa misewu imeneyi kuyendetsa kumatopetsa mofanana ndi kupalasa: pamafunika galimoto ya 4x4 yayitali pansi yokhala ndi giya yotsika, komanso munthu wosanjenjemera pamene tayala likudutsa pafupi ndi phompho. Malo ambiri njinga imathamanga kuposa galimoto, moti apanjinga amafika kumsasa n'kukhala pamwala, thukuta likuuma, kudikira zovala zawo. Zilolezo nazo ndi ntchito yanu. Ku White Rim misasa ndi yochepa, imasungitsidwa miyezi ingapo nthawi isanakwane, ndipo gulu logona silipitirira anthu 15 ndi magalimoto 3. Kukoleza moto wa nkhuni n'koletsedwa, kotero chitofu ndi gasi muziwerengeretu. Mikangano ya magulu otere sichokera pa zinthu zazikulu. Imachokera pa mbale zosatsuka, ndi pa funso loti ndani ayendetse galimoto tsiku limene kuli mtsetse wokoma uja. Gawanani masiku oyendetsa musananyamuke, mulembe pa pepala, aliyense aone.

Kampani imachotsa zonsezi. Chilolezo ndi chawo, wophika ndi wawo, woyendetsa amaudziwa msewu, ndipo atsogoleri a kampani yabwino amakhala ophunzitsidwa chithandizo choyamba ndipo amakhala ndi chida cholumikizirana kudzera pa satelayiti kumalo kopanda netiweki. Chimene simusankha ndi anzanu a ulendo. Akhoza kukuphatikizani ndi anthu othamanga ngati akuthawa, kapena ndi munthu amene njinga ya m'mapiri waikwera koyamba sabata yatha. Mufunse kuti gulu amaligawa potengera mphamvu kapena onse amayenda chigulu.

Pali malo ena oti popanda okonza simungalowemo n'komwe. Tour de Tuli, ulendo wa masiku 4 wosonkhetsa ndalama za bungwe la Children in the Wilderness, wakhala ukudutsa m'malire a Botswana, Zimbabwe ndi South Africa, m'tinjira ta njovu, okwera atagawidwa m'timagulu tokhala ndi atsogoleri. Kumeneko nkhani ya kupepuka kwa njinga ndi yaing'ono. Chimene mukulipira ndi chilolezo choponda pamene munthu payekha saloledwa, ndi maso a munthu wodziwa nyama. Koma musasokoneze maulendo otere ndi mipikisano. Cape Epic, imene inayamba mu 2004 ku Western Cape ku South Africa, imanyamulanso zikwama ndipo matenti mumawapeza atakhoma kale m'mizere, koma ndi mpikisano wa masiku 8, wa awiriawiri, wokhala ndi nthawi yoti mukapitirira mwatuluka. Wofuna kuima kuti aone mapiri asalembetse kumeneko.

Tibwere kwa odzinyamulira. Iwo chuma chawo ndi ufulu, ndipo si waung'ono. Mwapeza malo okongola pafupi ndi mtsinje masana, malamulo akulola, mukhoma tenti. Mwadzuka ndi mphamvu, mupalasa mpaka mdima. Kukugwa mvula, mugonanso. Njira yotchuka ya anthu otere ndi Great Divide Mountain Bike Route, yokonzedwa ndi bungwe la Adventure Cycling Association, ya makilomita pafupifupi 5,000 kuchokera ku Jasper ku Canada mpaka ku Antelope Wells pa malire a America ndi Mexico. Taonani chifukwa chake kudzinyamulira kumatheka kumeneko: mbali yaikulu ndi misewu ya dothi ndi miyala yosafuna kudumphadumpha, mitsinje ilipo m'madera ambiri, matauni ogulamo chakudya amabwera pakapita masiku ochepa. Ndipo ngakhale komweko, pamene anthu amada nkhawa ndi pouma, monga Great Divide Basin ku Wyoming ndi madera ena a New Mexico. Madzi omwe aja.

Ambiri amaganiza kuti kudzinyamulira ndiye kotsika mtengo. Pa ulendo wachisanu, inde. Pa woyamba, ayi. Pa galimoto tenti iliyonse imakwera, ngakhale yolemera yobwereka, ndi matiresi onenepa, ndi mtsamiro weniweni. Pa njinga chilichonse chiyenera kukhala chopepuka ndi chopindika pang'ono, ndipo pa zida za kumsasa chopepuka ndicho chodula. Onjezanipo zikwama zomangirira pa fulemu, sefa ya madzi, kachitofu kakang'ono. Zonsezi mukugula musanadziwe ngati kugona pansi mutapalasa tsiku lonse kumakukomerani.

Pakati pa awiriwa pali maulendo ogona m'tinyumba tomangidwa m'njira. San Juan Huts, kuchokera ku Telluride ku Colorado mpaka ku Moab ku Utah, ndi masiku 7, ndipo m'kanyumba kalikonse mumapeza madzi, chakudya ndi zofunda. Old Ghost Road ku New Zealand, ya makilomita 85, ilinso ndi tinyumba, ngakhale kumeneko chakudya mumanyamula nokha. Njinga imapepukako, palibe wokuimbirani belu m'mawa, koma kanyumba sikasuntha: tsiku likavuta muyenera kufikabe, ndipo palibe galimoto yokutolani.

Pa zowonongeka anthu amadalira makaniko wa gulu mopitirira muyeso. Makaniko ali ndi masipanala, mafuta ndi luso, koma alibe zida za njinga iliyonse padziko. Kachitsulo kogwira magiya a kumbuyo, kotchedwa derailleur hanger, anakapanga dala kuti kazipindika kapena kuthyoka njinga ikagwa, pofuna kupulumutsa fulemu, ndipo mitundu yake ndi yambirimbiri. Kanu kakathyoka tsiku lachiwiri, m'galimoto mulibe kofanana nako, ulendo wotsalawo muonera pa windo. Mapadi a mabuleki chimodzimodzi, ndipo mchenga wonyowa umawadya tsiku limodzi. Nyamulani zanu, kaya mukupita ndi kampani, kaya ndi anzanu, kaya nokha. Kusiyana kwake n'koti wa gulu akaiwala amataya masiku opalasa, pamene woyenda yekha amakankha njinga yolemera mpaka pamsewu. Amene ali ndi njinga ya batire ndiye afunsiretu ngati kumsasa kuli jenereta komanso ngati njirayo imalola njinga zotere, popeza malamulo amasiyana malo ndi malo.

Kwa ine, munthu woyamba kumene, kapena njira youma, kapena njira ya miyala imene kukoma kwake kuli pa kuulutsa njinga, galimoto ipite. Ngati m'gulu la anzanu muli wodziwa kuyendetsa m'misewu yoipa ndi wina wosatopa ndi mapepala, pitani paubwenzi; ngati mulibe, lipirani kampani m'malo moti muphunzirire 4x4 m'mphepete mwa phompho. Kudzinyamulira ndimakusungira njira zazitali zokhala ndi madzi, ndi anthu amene kudikira pamphambano kumawadwalitsa.

Chimodzi chokha galimoto sinyamula, ndicho thupi lanu pa tsiku lachitatu. Miyendo imazolowera, koma pokhalira ndi manja zimadandaula, ndipo kachilonda ka pa chishalo kamathetsa maulendo a anthu amphamvu. Pokonzekera, kupalasa masiku awiri otsatizana kumathandiza kuposa ulendo umodzi wautali pa sabata, ndipo chishalo kapena nsapato zatsopano siziyesedwa pa ulendo weniweni. Makabudula opalasira akhale awiri kapena atatu. Mukafika kumsasa vulani kabudula wonyowayo nthawi yomweyo, sambani ngakhale ndi kansalu konyowetsa, musanayambe kukhoma tenti.