Kulira kwa magiya mu reel ya baitcaster: zimene ndapeza patatha miyezi 14

Reel (makina okulungira chingwe chowedzera) imene ndikuifotokoza pano ndi ya mtundu wa baitcaster, ija imakhala pamwamba pa ndodo yowedzera, imene spool yake, kagudumu kokulungapo chingwe, imazungulira yokha poponya nyambo, chala chachikulu chili pomwepo kuilonda kuti chingwe chisapiringizike. Ndaigwiritsa ntchito kwa miyezi 14, pafupifupi sabata iliyonse, makamaka powedza nsomba za bass. Inapangidwa ndi kampani ina yaing'ono. Thupi lake ndi la aluminiyamu, chivundikiro cha mbali ya chogwirira ndi cha pulasitiki wolimba, ndipo mkati muli giya yaikulu ya aluminiyamu yolumana ndi giya yaing'ono ya mkuwa wachikasu uja amati brass, imene amisiri amaitchula kuti pinion. Pabokosi analembapo 7.1:1, kutanthauza kuti chogwirira chikazungulira kamodzi, spool imazungulira maulendo 7 ndi pang'ono. Ndipo popeza spool yake ndi ya mamilimita 34, ikadzaza imakoka chingwe chotalika masentimita pafupifupi 76 pa kuzungulira kumodziko. Pa kaponyedwe ndilibe chodandaula: imafika patali, buleki yake imamvera, ndipo imakhala bwino m'chikhatho. Chimene chandikhalitsa pansi kuti ndilembe ndi kulira kwa magiya ake.

Miyezi itatu yoyambirira inali zii. Ukazunguza chogwirira, chinkangoyenda myaa ngati mulibe chitsulo chokhudzana ndi chinzake, ndipo sindibisa kuti ndinaikonda kwambiri. Koma pano ndikudziwa kuti bata la reel yatsopano silinena zambiri, chifukwa mano a magiya amakhala atakutidwa ndi girisi wa kufakitale, komanso munthu akamaiyesa m'sitolo imakhala ikuzungulira yopanda katundu. Giya imaonetsa khalidwe lake lenileni pamene chingwe chakungika ndipo kumapeto kwake kuli chinthu chimene chikukana kubwera.

Mwezi wachinayi ndinayamba kumva kanthu. Poyamba sikanali phokoso la m'khutu ayi, koma kunjenjemera kochepa kofika m'zala kudzera pa chogwirira, ngati kuti pakati pa mano pagwera mchenga wosalala kwambiri. Kankamveka pokhapokha ndikakoka nyambo zapulasitiki za mlomo wautali, zija zimamira pansi kwambiri ndipo zimalimbana ndi madzi ulendo wonse wobwerera. Patapita masabata ena kunjenjemerako kunasanduka kulira kwenikweni, kwakuti m'mawa madzi ali bata, mnzanga amene anakhala kutsogolo kwa bwato anacheuka n'kufunsa ngati chinachake chathyoka.

Apa ndiyenera kukhalapo pang'ono, chifukwa owedza ambiri amaimba mlandu magiya pa phokoso limene magiyawo sakulidziwa. Mukadina kachitsulo komasulira spool kuti muponye, pinion imachoka pa spool, ndipo giya yaikulu imangokhala chete. Choncho kulira kulikonse kumene kumamveka nyambo ili m'malere sikwa magiya. Ndi maberingi a spool amene auma kapena achita dzimbiri, kapenanso timapini ta buleki tikukwecha mkombero wouma. Kugogoda kumene kumabwera pamene kolondolera chingwe, kachitsulo koyala chingwe uku ndi uku pa spool, kafika kumapeto n'kumatembenuka kumachokera pa kadzino kamene kamayenda m'mizere ya mtanda wake, ndipo kadzinoko n'kosavuta kusintha. Chingwe cholukidwa nachonso chimalira podutsa m'mphete za ndodo, mpaka munthu kuganiza kuti vuto lili mu reel. Njira imene inandithandiza ndi yophweka: ndinachotsa spool, n'kuzunguza chogwirira pang'onopang'ono m'chipinda mopanda phokoso, khutu lili pafupi. Kugogoda kukamabwera kamodzi pa kuzungulira kulikonse kwa chogwirira, ndiye kuti dzino limodzi la giya yaikulu laphwanyika kapena pakanirira kanthu. Kukamabwera pafupipafupi, maulendo 7 kapena kuposera apo, yang'anani pinion. Kwanga sikunali kugogoda ayi, koma kukhuluzika kosalekeza kuzungulira konse, ndipo chimenecho ndi chizindikiro chakuti mano onse akutha pamodzi kapena auma.

Nditatsegula chivundikiro, zimene ndinaona zinandifotokozera zambiri. Girisi yense anali atakankhidwira m'mbali, ataunjikana m'mphepete mwa giya ngati matope a m'mbali mwa msewu, pamene pamalo polumanirana mano panali pouma, pakunyezimira. Girisiyo, amene poyamba anali woyera, anali atasanduka wotuwa, ndipo nditamupaka pa pepala loyera ndinaona timadontho tonyezimira. Utoto wotuwawo ndi aluminiyamu wa giya yomweyo. Pa galasi lokulitsa zinthu, mbali imodzi ya dzino lililonse, mbali imene imakankha pinion, inali itataya khungu lake lolimba, chitsulo chofewa cha mkati chili poyera. Pinion ya brass inali bwinobwino, kupatula timizere tochepa pakamwa pake pamene imagwira kapini ka spool.

Ndinatsuka magiya onse awiri ndi mswachi wakale ndi mankhwala ochotsa mafuta, ndinawaumitsa, kenako n'kupaka girisi wa ma reel pang'ono chabe, dzino ndi dzino. Phokoso linatheratu, ndipo ndinaganiza kuti nkhani yatha. Linabwerera patatha maulendo asanu a kunyanja. Ndinabwerezanso, ndipo ulendo uno linabwerera patatha maulendo atatu. Ena amalangiza kuti muthire girisi wolimba wambiri, ndipo n'zoona kuti amatseka pakamwa reel kwa kanthawi, koma ine sindikugwirizana nazo. Chogwirira chimalemera, makamaka kukazizira, girisi wosefukira amafalikira malo amene sakufunika, ndipo akalowa mu beringi yoletsa chogwirira kubwerera m'mbuyo, beringiyo imatha kuterereka pa nthawi imene mukukoka kuti mbedza ilowe. Kuposa zonsezi, girisi sabwezeretsa chitsulo chimene chadyeka. Mano akasintha maonekedwe, mpata wa pakati pawo umakula, ndipo girisi amangodzaza mpatawo mpaka atakankhidwanso.

Chifukwa chimene opanga amasankhira aluminiyamu n'chomveka. Brass amalemera pafupifupi katatu kuposa aluminiyamu wa kukula komweko, magalamu pafupifupi 8.5 pa sentimita imodzi ya mbali zonse poyerekeza ndi 2.7, ndipo munthu amene amaponya nyambo maulendo mazana angapo pa tsiku amamva kusiyana kwa kulemera padzanja. Giya yopepuka imayambanso kuzungulira mosavuta. Makampani akuluakulu apitirira apo n'kumachepetsa kukula kwa mano n'kuwachulukitsa, kuti mano angapo azigwirana nthawi imodzi. Kampani ya Shimano, mwachitsanzo, imatchula njira yakeyo kuti Micro Module. Mano ambiri amadulidwanso mopendekera m'malo mowongoka, kuti dzino lizilowa mwa linzake pang'onopang'ono osati mogunda. Luso limeneli silachilendo pa ma reel amenewa, pakuti oyamba kuwapanga ku Kentucky m'dziko la America, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, anali amisiri a mawotchi monga George Snyder, ndipo kampani ya ABU ya ku Svängsta m'dziko la Sweden, imene inatulutsa Ambassadeur mu 1952, nayonso inayamba ndi mawotchi. Koma pamene mano achepa ndipo chitsulo chapepuka, zonse zozungulira giyayo ziyenera kukhala zolondola kwambiri, chifukwa kupatuka kochepa kokha kumachititsa kuti katundu yense agwere pa nsonga za mano.

Pamenepa ndi pamene ndikuona kuti reel yangayi inaperewera. Thupi la aluminiyamu silipindika, koma chivundikiro cha pulasitiki, chimene chimagwira mbali ina ya mtanda wa chogwirira, chimagonja pang'ono. Ndinamangirira chingwe pa chinthu cholemera, n'kuzunguza chogwirira chala changa chili pa chivundikirocho, ndipo ndinachimva chikusuntha. Kusunthako n'kochepa kwambiri moti maso sangakuone, koma ndikukhulupirira kuti n'kumene kunafulumizitsa kudyeka kwa mano. Giya ya aluminiyamu mu chivundikiro chachitsulo ikanapirira nthawi yaitali kuposa apa.

Sindingaike mlandu wonse pa opanga. Nyambo zomira kwambiri zimafuna reel ya liwiro lochepa, monga 5.4:1 kapena pafupi ndi pamenepo, imene imakoka katundu popanda kupanikiza mano, ndipo ine ndinazikoka ndi 7.1:1 kwa miyezi. Panalinso nthawi zingapo pamene nyambo inakodwa pa chitsa cha pansi pa madzi ndipo ndinalimbana nacho pogwiritsa ntchito chogwirira, m'malo mokulunga chingwe pa kamtengo n'kukoka ndi dzanja. Timizere ta pakamwa pa pinion tija tinabwera chifukwa chozunguza chogwirira spool isanaime, nyambo isanagwe m'madzi. Kaphokoso kakuti khwaa kamene kamamveka pamenepo ndi chitsulo chikuluma chinzake chili pa liwiro. Komabe m'kabuku kamene kanabwera m'bokosi munalibe chenjezo lililonse la zimenezi, ngakhale mawu amodzi onena kuti girisi azisinthidwa liti, ndipo chimenecho ndikuchiwerengera ngati cholakwa cha kampani.

Mwezi wachisanu ndi chinayi ndinaganiza zosintha magiya. Kampaniyo ili ndi mtundu wina wa reel yomweyi wokhala ndi giya yaikulu ya brass ya 6.3:1, ndipo magiya ake amalowa bwino m'thupi la yangayi. Anandiyankha mwaulemu, ananditumizira chithunzi cha ziwalo zonse ndi manambala ake, koma katunduyo anatenga masabata asanu ndi limodzi kuti afike, nthawi imene kwa munthu wokhala ndi reel imodzi yokha ndi yaitali ndithu. Ndinaitanitsa giya yaikulu ndi pinion pamodzi, ndipo ndikulimbikitsa aliyense kuchita chimodzimodzi ngakhale imodzi ikuoneka yabwino, chifukwa magiya awiri amene ayenda limodzi amadyana mofanana, ndipo yakale ikakumana ndi yatsopano imaiwononga msanga. Apa panalibenso kuchitira mwina, pakuti kusintha liwiro kumafuna kuti mano a magiya onse awiri akhale ogwirizana.

Tsopano papita miyezi pafupifupi isanu chiikireni magiya atsopanowo. Reel yalemerako pang'ono kumbali ya chogwirira, ndipo sinabwerere ku bata lija la masiku oyamba. Brass ali ndi liwu lake, kung'ung'uza kwapansipansi kofanana kuzungulira konse, kumene kunamveka kwambiri masabata awiri oyamba kenako n'kutsika mano atazolowerana. Chimene chandikhazika mtima pansi n'chakuti liwulo silikukula. Nditatsegulanso sabata yatha, girisi anali atada pang'ono koma wopanda timadontho tonyezimira tija, ndipo mano anali osalala mbali zonse ziwiri.

Kwa munthu amene amawedza ndi nyambo zopepuka, zija amaziyendetsa ndi ndodo pamene reel ikungotola chingwe cholendewera, mtundu wa giya ya aluminiyamu ndi wabwino ndipo ndingamuuze kuti agule, bola aziitsegula n'kusintha girisi kawiri pa chaka, ndipo akachoka ku madzi amchere aziitsuka ndi madzi abwino oyenda pang'onopang'ono, osati opopera mwamphamvu amene amakankhira mchere mkati. Kwa amene amakoka nyambo zomira kwambiri tsiku lonse, kapena amatulutsa nsomba zazikulu m'mabango ndi m'mitengo yomira pogwiritsa ntchito chingwe cholukidwa chimene sichitamuka, ndikuti atenge mtundu wa brass kuyambira pachiyambi, ndipo asanapereke ndalama afunse ngati magiya osinthira amapezeka komanso ngati chivundikiro cha mbali ya chogwirira ndi chachitsulo.